Mafunso ndi mayankho: kusunga kagalimoto kakale ka ku Britain, MGB ndi anzake

Chigulireni ka MGB kanga ka 1972 kuno ku England sindinapumeko mafunso. Kutchalitchi, kuntchito, pothira petulo, olo abale kumudzi atangoona chithunzi pa WhatsApp anafunsa kuti kodi zinthu zavuta kunjako mpaka mukuyendera chiphakasa? Nde ndati ndingowayankha pamodzi mafunso amene amabwerabwera aja. Zambiri ndikamba za MGB poti ndi imene manja anga anada nayo, koma zochuluka zikukhudzanso Triumph, Midget ndi ena a mtundu umenewo.

Kodi magalimoto ake ndi ati kwenikweni?

Ndi timagalimoto tija ta mipando iwiri, tatifupi, tambiri denga lake la tenti lopinda, timene ankapanga ku England kuchokera nkhondo yachiwiri itatha kufika cha m'ma 1980. MGB ankapangira ku Abingdon pafupi ndi Oxford kuyambira 1962 mpaka fakitale itatsekedwa mu 1980, ndipo anapanga oposa 500,000, ambiri mwa iwo anapita ku America. Pali MG Midget yomwe ndi kamng'ono kake, Triumph Spitfire ya ku Coventry yomwenso inayamba 1962 nkutha 1980, Triumph TR6 ya masilinda 6, Austin-Healey 3000, Lotus Elan ya bodi ya faibala, ndi Jaguar E-Type imene inatuluka 1961. Morgan aku Malvern mpaka lero akumangirabe bodi pa felemu ya matabwa. E-Type yabwino tisaikambe, ndalama yake mutha kudzutsa nyumba ku Area 47, iyoyo timangoionera kuchionetsero.

Ndine woyamba kumene, ndigule iti?

MGB kapena Spitfire, basi. Sikuti ndi okongola kuposa ena onse ayi, koma masipeya ake ali mbwee ndipo makaniko aliyense wachikulire kuno anawagwirapo. Ngati mulibe garaja tengani MGB GT, ija ya denga lachitsulo imene inabwera 1965, yotsegula kumbuyo, denga lake anakonza ndi a Pininfarina aku Italy. Imakhala yotsikirako mtengo kuyerekeza ndi yotsegula pamwamba ndipo mvula siikuvutitsani kwambiri. Spitfire ubwino wake boneti yonse imatseguka kupita kutsogolo pamodzi ndi mamadigadi, mumangokhala pa tayala nkumakonza injini ngati muli pa mpando, koma ndi yothina, munthu wamtali kapena wa thupi ngati ine kutulukamo kumafuna pulani.

Nanga ya mabampala a chrome kapena a labala? Kumapeto kwa 1974, chifukwa cha malamulo aku America, MGB inayamba kubwera ndi mabampala akuluakulu akuda ndipo anaikweza pang'ono kuchoka pansi. Anthu amainyoza kuti inanyasa komanso pa kona imapendama, nchifukwa chake ndi yotchipa. Ine ndimati ngati thumba ndi lopereŵera gulani ya labala yopanda dzimbiri kusiyana ndi ya chrome yowola, anthu a pamsewu amakukupizirani manja chimodzimodzi.

Pokaona galimoto ndiyang'ane chani choyamba?

Apa nde pagona nkhani yonse, ndikhalitsapo. Anthu ambiri akafika amathamangira kutsegula boneti, kuliza injini, kumvetsera, kugwedeza mutu. Injini isakuwopsezeni. Ya MGB ndi B-series ya 1798cc, yachitsulo yolemera, yachibale ndi zimene zinali mu Austin Cambridge ndi Morris Marina, ikatha imamangidwanso ndipo zonse zake zimapezeka. Chimene chimapha magalimoto awa ndi dzimbiri. Kuno nyengo yozizira amathira mchere m'misewu kuti madzi asaundane, nde mchere ndi chinyezi zaka 50 pa chitsulo chimene sanachiteteze mokwanira popanga, mukuona nokha.

MGB ilibe chasisi yapadera, bodi yomweyo ndiyo mafupa ake, ndipo mphamvu yaikulu ili m'masili, zitsulo zija zili pansi pa zitseko. Silo iliyonse ndi zitsulo zingapo zosanjikizana, chakunja chimene mumaona, chapakati chobisika, ndi chapansi. Chapakaticho chikawola galimoto yopanda denga imayamba kupindika pakati pang'onopang'ono. Chizindikiro chake yang'anani mpata wa chitseko, ukakhala wothina pamwamba koma wotakasuka pansi, kapena chitseko chikumakana kutseka mukaikweza pa jeke, ibwezeni makiyi muzipita. Anthu ena osakhulupirika amangowotcherera chitsulo chatsopano pamwamba pa chowola nkupaka penti.

Ine popita kukaona ndimatenga tochi, katoni yogonera pansi, sikuludilaiva ndi maginito wokulunga mu kansalu. Maginito uja mumamuyendetsa m'munsi mwa zitseko, kuseri kwa matayala akutsogolo, ndi pamwamba pa matayala akumbuyo, akafika pena nkugwa ndiye kuti pamenepo palibe chitsulo, ndi fila. Kungoti ma MGB oyambirira a m'ma 1960 boneti yake ndi ya aluminiyamu, maginito sagwira, musanamizire mwini wake pachabe. Tukulani makapeti muone pansi, onani mobisala batire kuseri kwa mipando, pansi pa buti, ndi pamene masipulingi akumbuyo amangirira.

Yoyamba imene ndinapita kukaona inali yofiira psuu, yonyezimira moti ndinadziona nkhope pa chitseko, mtima unali utagula kale ndisanatsike mu yanga. Mwini wake akundithirira tiyi ine ndinagona pansi, ndinangokankha pang'ono ndi chala chachikulu kumunsi kwa silo, chinalowa ngati ndikuboola chigumu, tizidutswa tofiirira nkundigwera m'maso. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, tiyi ndinamwa koma galimoto ndinaisiya. Imene ndinagula penti yake inali yofwifwa, mipando yong'ambika, koma pansi pali gwa.

Spitfire ndi TR6 zili ndi chasisi yapadera, nde mumaona zonse ziwiri, chasisi ndi bodi. Pa TR6 makamaka pamene mikono ya matayala akumbuyo imagwira chasisi.

Nanga ngati bodi yawola kale, ndiye kuti yatha?

Ayi sinathe koma mulipira. A British Motor Heritage aku Witney amapangabe bodi yathunthu ya MGB yatsopano pogwiritsa ntchito makina akale omwe aja, anayamba 1988, ndipo zidutswa ngati masili ndi mamadigadi zimagulitsidwa padera. Vuto ndi ntchito yowotcherera, kuno munthu amalipiritsa pa ola, ndipo mukatsegula malo amodzi mumapeza kuti dzimbiri linayenda kale kufika kwina. Kawirikawiri kukonza yowola kumadya ndalama yoposa mtengo umene mungadzagulitsire ikatha. Pokhapokha ngati mumadziwa kuwotcherera nokha ndipo madam kapena bambo akunyumba avomera kuti garaja ikhale yotsekeka zaka zitatu.

Injini ndiidziwa bwanji kuti ili bwino?

Auzeni asailize musanafike, muigwire nokha kuti ndi yozizira. Ikalira onani geji ya oyilo, ikatentha ndipo mukuyenda izikhala cha pa 50 psi kapena kuposa. Utsi wa buluu kumbuyo ndiye kuti ikudya oyilo, zoyera ngati mayonezi pansi pa chotsekera oyilo mwina madzi akulowa. Kaphokoso ka tiki tiki pamwamba musadandaule nako, matapeti a injini imeneyi amalongolola mwachibadwa, amasetedwa pa 0.015 ya inchi injini ili yozizira. Kudontha oyilo pang'ono nako ndi khalidwe lawo, timangoyala katoni pansi. Imene siikudontha olo pang'ono muyambe mwaona ngati muli oyilo.

Kilatchi yokha muiyese bwino chifukwa pa MGB kuti musinthe kilatchi injini imayenera kutuluka. Ndipo ngati ili ndi overdrive, kaswitchi kaja kotsitsa kulira kwa injini mu giya 3 ndi 4, yesani kuti ikugwira. Pa motorway popanda overdrive makutu amatopa.

Zoti magetsi ake ndi ovuta nzoona?

Azungu ali ndi nthabwala zambiri za magetsi a Lucas, kampani imene inkapanga zamagetsi za magalimoto awa, mpaka anawapatsa dzina loti Prince of Darkness, kalonga wa mdima. Koma kunena chilungamo mavuto ambiri amene ndakumana nawo sanali a fakitale, anali a ukalamba ndi manja a anthu amene anakhala nayo ine ndisanagule. Timalumikizidwe ta mawaya tija timachita dzimbiri lobiriwira, waya wa earth amamasuka, wina anaika wailesi mu 1985 nkupotokola mawaya ndi manja nkukulunga tepi. Mukatsuka malo olumikizira onse ndi sandipepa, theka la mavuto latha.

Chosangalatsa ndi choti mitundu ya mawaya ili ndi tanthauzo ndipo ndi yofanana pa magalimoto ambiri a ku Britain a nthawi imeneyo. Wa bulawuni ali ndi moto nthawi zonse ndipo alibe fyuzi, ameneyu muzimuopa. Wa pepo moto nthawi zonse koma kudzera pa fyuzi. Woyera umayaka mukatembenuza kiyi, wobiriwira chimodzimodzi koma wa fyuzi, wofiira ndi wa nyali zing'onozing'ono, wa buluu nyali zazikulu, wakuda ndi earth. Mukaloweza izi mwakhala dokotala. Chenjezo limodzi, MGB zopangidwa kusanafike kumapeto kwa 1967 zinali za positive earth, kutanthauza kuti mbali ya + ya batire ndiyo imamangidwa ku bodi, mukamangirira batire kapena wailesi yamakono mosafunsa mupsereza zinthu. Komanso zakale mpaka 1974 zinkabwera ndi mabatire awiri a 6 volts kuseri kwa mipando, ambiri anasintha nkuika limodzi la 12.

Ikangozima panjira ndiyambire pati?

Tembenuzani kiyi osaliza, mvetserani kumbuyo. Pampu ya petulo ya kampani ya SU imayenera kuchita tiki tiki tiki kenako nkukhala chete. Tsiku lina Lamlungu inandizimira pa roundabout nditavala suti, kumbuyo mzere wa magalimoto, pampu ili zii. Bambo wina wachikulire anaima, osafunsa zambiri, anatenga sipanala yanga nkugwada pafupi ndi tayala lakumbuyo la kumanja, anagogoda pampu kamodzi kokha, go, ikuyamba tiki tiki. Mkati mwake muli timapointi timene timamatirira galimoto ikakhalitsa osayenda. Inandifikitsa kunyumba, kenako ndinasintha.

Ngati petulo akufika ndiye onani moto, mapointi a mu distributor amafuna mpata wa 0.015 ya inchi, kondensa, rotor arm, koyilo. Muzikhala ndi zapadera mu buti pamodzi ndi fanibeluti ndi waya pang'ono. Ambiri masiku ano amachotsa mapointi nkuika electronic ignition imene imabisala mkati momwemo, ineyo ndinaika ndipo sindichita nazo manyazi.

Makabuleta awiri aja, si ovuta kuseta?

Anthu amawanamizira. SU ndi kabuleta yophweka kwambiri, pisitoni, singano ndi jeti basi. Chimene imafuna ndi kadontho ka oyilo pamwamba pomwe pali kachotsekera kakuda, mwezi uliwonse muzionamo. Lamulo langa ndi loti musakhudze kabuleta musanasete matapeti, mapulagi ndi timing, chifukwa nthawi zambiri vuto limene mukuliyesa la petulo limakhala la moto. Mmawa kukazizira mumakoka choke, ana a masiku ano sadziwa nkomwe kuti ndi chani.

Petulo wa masiku ano amagwirizana nazo?

Pali nkhani ziwiri. Yoyamba, injini izi anapangira petulo wa mtovu amene anasiya kugulitsidwa wamba kuno pofika 2000. Mtovu uja unkateteza pokhalira mavavu, nde njira ndi ziwiri, kuthira mankhwala apadera mu thanki kapena kukaikitsa mipando ya mavavu yolimba pamene mutu wa injini watsitsidwa. Ngati mumangoyenda pang'onopang'ono kumapeto kwa sabata musathamangire kumasula injini yabwinobwino.

Yachiwiri ndi ethanol. Kuyambira September 2021 petulo wamba ku Britain ndi E10, wokhala ndi ethanol wofika 10 peresenti, ndipo anthu a magalimoto akale anadandaula kwambiri poti ethanol amadya mapaipi akale a labala, amakoka chinyezi mu thanki, komanso amawonongeka akakhalitsa. Ine zinkandiseketsa pang'ono poti kwathu ku Malawi petulo takhala tikusakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa kuyambira 1982 ndipo ma Peugeot ndi ma Land Rover ankayenda. Komabe nkhawa yake ndi yoona, paipi yong'aluka pamwamba pa ekizozi yotentha ndi moto umenewo, ndipo pa MGB makabuleta akhala pamwamba penipeni pa ekizozi. Sinthani mapaipi onse muike olimbana ndi ethanol, thirani E5 ija ya super ya ethanol wochepa, ndipo kachozimitsira moto kazikhala pofikira dzanja.

Service yake imakhala yotani?

Pafupipafupi kuposa galimoto yamakono koma yosavuta. Oyilo wa 20W-50, osati opyapyala amakono aja, kusintha kamodzi pachaka olo musanayende mtunda wautali. Girizi ku ma kingpin akutsogolo, zitsulo zimene matayala amatembenukirapo pokhota, pa mamailosi 3,000 alionse, ambiri amaiwala izi mpaka chiwongolero chimalimba ngati cha thirakitala. A Spitfire samalani, ma trunnion akutsogolo, pamene tayala limatembenukira cha kumunsi, amafuna oyilo wa giya wa EP90 osati girizi, akauma amatha kuthyoka tayala nkupindikira mkati. Masipanala gulani a mainchi olembedwa AF, a mamilimita amangokulungiza mitu ya mabawuti.

Matayala musamangoona mapanga okha, galimoto izi siziyenda kwambiri nde tayala limakalamba lisanathe. Pambali pamakhala manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata awiri otsiriza ndi chaka chimene tayala linapangidwa. Lopitirira zaka khumi lichotseni olo likuoneka latsopano. Ndipo ngati muli ndi mawilo a masipoko aja omanga ndi nati imodzi yapakati yomenya ndi hamala, mbali imodzi imamasukira kwina mbali inayo kwina, pa natipo pali muvi, werengani musanayambe kumenya.

Masipeya amapezeka?

Kuposa a magalimoto ena a zaka 15 zapitazo. Moss Europe, Rimmer Bros aku Lincoln, ndi shopu ya MG Owners' Club amatumiza pafupifupi chilichonse mpaka kabawuti. Zakale zogwiritsidwa kale ntchito zimapezeka ku autojumble ya ku Beaulieu, msika wake waukulu ngati kaunjika wa zitsulo zokhazokha. Koma si chatsopano chilichonse chili chabwino. Ndinagulapo kondensa yotchipa pa intaneti kwa munthu wina, inagwira masabata awiri, ndinabwezeretsa yakale imene ndinaichotsa ija ndipo inayenda. Chakale chanu musataye msanga, chisungeni mu katoni.

Za msonkho, MOT ndi inshuwalansi zili bwanji kuno?

Galimoto ikapitirira zaka 40 mutha kuilembetsa ku DVLA, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto, ngati historic vehicle, msonkho wa pamsewu umakhala ziro koma mumayenerabe kuulembetsa chaka chilichonse, osangokhala. Kuyambira May 2018 yotereyi siikakamizidwanso kupita ku MOT, kuyezetsa kwa chaka ndi chaka ngati galimoto ili yoyenera pamsewu, bola isakhale yosinthidwa kwambiri, ndipo ku London ya historic silipira ULEZ, ndalama imene magalimoto otulutsa utsi wambiri amalipira. MGB zonse tsopano zinadutsa msinkhu umenewu. Koma ine yanga ndimaipititsabe ku MOT chaka chilichonse mwakufuna kwanga, lamulo likuti galimoto izikhala yoyenera pamsewu ndipo maso a munthu wina pansi pa galimoto amaona zimene mwini wake safuna kuona. Inshuwalansi ya classic imakhala yotsika, kungoti amakuikirani malire a mtunda pachaka ndipo ambiri amafuna mukhale ndi galimoto ina ya tsiku ndi tsiku. Pemphani agreed value, mugwirizane mtengo wake pasadakhale ndi zithunzi.

Mukafuna kutsimikiza kuti galimoto ndi yomweyo imene akunena, British Motor Museum ku Gaydon amapereka satifiketi yochokera m'mabuku a fakitale, tsiku lopangidwa, mtundu wa penti ndi manambala ake.

Ndingamayendere tsiku ndi tsiku, kunyamula ana?

Kuyendera mutha, anthu ankapita nazo kuntchito kalelo. Koma dziwani kuti mulibe airbag, mulibe ABS, chiwongolero ndi cha mphamvu zanu, mabuleki kutsogolo ndi ma disc kumbuyo ma drum, ndipo liwiro lake kagalimoto kalikonse kamakono ka mashopingi kakusiyani pa maloboti. Mphamvu ya MGB ndi cha pa 95 horsepower basi. Kukoma kwake ndi koti muli pafupi ndi phula moti 50 imamveka ngati 90. Za ana, ngati galimoto ndi yakale yopanda malamba, lamulo la kuno silola kunyamula mwana wosakwana zaka zitatu, ndipo ka mpando ka kumbuyo ka GT ndi kongoikapo chikwama.

Nyengo yozizira ndiitsekere mu garaja?

Misewu ikathiridwa mchere ine sindiitulutsa. Koma kuisiya miyezi isanu osaikhudza ndi kuipha kwina, mabuleki amamatirira, kilatchi imagwirana ndi flywheel, pampu ija imagona, mbewa zimasamukira mu mipando. Dzadzani thanki, ikani batire pa chaja yaing'ono, handibuleki isiyeni yomasula muike miyala kapena matabwa ku matayala, ndipo tsiku louma likapezeka itulutseni muyende mpaka itenthe bwinobwino. Kungoiliza mphindi zisanu pakhomo nkuzimitsa kumangodzadza madzi mu ekizozi. Osaiphimba ndi pulasitiki, imachita thukuta.

Ndikufuna ndidzapite nayo kumudzi ndikadzabwerera, zingatheke?

Funso ili amalume anga amafunsa chaka chilichonse. Chiwongolero chili kumanja ngati kwathu, dzimbiri ku Lilongwe silingavute ngati kuno, ndipo makaniko amene anakulira pa ma Land Rover akale ndi ma Morris sangadabwe ndi mapointi ndi kabuleta. Chovuta ndi kufupika kwake, ekizozi ya MGB imapita pafupi kwambiri ndi nthaka, hampu imodzi yabwino kapena msewu wafumbi nthawi ya dzinja mwaisiya pansi. Kutentha kwa October radiyeta iyenera kukhala yoyera mkati, ndi bwino kuwonjezera fani ya magetsi. Za msonkho wolowetsera galimoto yakale chonchi funsani a MRA musanaikweze sitima, osati itafika kale padoko. Ndipo mu kontena momwemo ikanimo katoni ya masipeya, mapaipi a madzi, ma seal a mabuleki ndi kilatchi, mapointi, pampu ya petulo yapadera, chifukwa kumeneko mukafunsa za MGB pa kauntala akufunsani kuti ndi Toyota yanji imeneyo.